Lipoti la chisamaliro cha hospice: mayi wa zaka 52 wodwala khansa ya m'mawere yofalikira, pamodzi ndi banja lawo

Lipoti ili likufotokoza chisamaliro chimene gulu lathu la hospice, losamalira anthu odwala matenda osachiritsika amene ali kumapeto kwa moyo, linapereka kwa mayi wina wa zaka 52 ndi banja lawo m'miyezi inayi yomaliza ya moyo wawo. Ine ndine namwino amene ndinkayang'anira chisamaliro chawo cha kunyumba, ndipo ndinkagwira ntchitoyi limodzi ndi dokotala, mlangizi wa mabanja, mtsogoleri wa zauzimu ndi anthu ongodzipereka. Dzina lawo ndi zonse zimene zingawadziwikitse ndazisiya dala, ndipo a pabanjapo anavomereza kuti nkhaniyi ilembedwe. Ndaisankha chifukwa ikuonetsa poyera chinthu chimene ife ogwira ntchitoyi timakumana nacho kawirikawiri: matenda osachiritsika akalowa m'nyumba, wodwala sakhala mmodzi, ndipo mankhwala a ululu, ngakhale kuti ndi amene timayamba nawo, phindu lawo lalikulu ndi lakuti anthu a m'nyumbamo amayambiranso kukhala pamodzi ndi kulankhulana nthawi ikadalipo.

Mbiri ya matenda

Khansayi inapezeka m'bere lakumanzere zaka zitatu mayiwa asanafike kwa ife. Anachitidwa opaleshoni yochotsa bere, kenako analandira chemotherapy, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, ndipo anabwerera ku ntchito yawo kwa nthawi yoposa chaka. Pambuyo pake chotupa chinatulukanso pachipsera cha opaleshoni n'kuphulika kukhala bala, ndipo zithunzi za kuchipatala zinaonetsa kuti matendawa afalikira m'mafupa a msana, m'nthiti, m'chiuno ndi m'chiwindi. Madokotala a khansa atayesa mankhwala ena osaona kusintha, anaganiza zoleka chifukwa thupi linkavutika nawo kuposa mmene linkapindulira. Chigamulo chimenecho chinali choyenera. Chimene chinavuta ndi mmene uthengawo unafikira kubanja. Amuna awo anauzidwa paokha kuti palibenso chimene chingachitike, iwo anapempha kuti akazi awo asauzidwe, ndipo banjalo linabwerera kunyumba ndi mapiritsi ochepetsa ululu a codeine ndi paracetamol. Panapita miyezi isanu mayiwa asanatumizidwe kwa ife.

Zimene tinapeza pa ulendo woyamba

Tinawapeza atagona m'chipinda cha kumapeto kwa nyumba, chitseko chili chotseka, ndipo pansi pa chitsekocho anali atatsekerapo nsalu yopindapinda kuti fungo la bala lisamatuluke. Anadzisamutsira okha m'chipindamo. Pa nthawi yonse imene ndinkawayeza, nkhope anali atalozetsa kukhoma, ndipo mawu awo oyamba anali ondipepesa chifukwa cha fungolo.

Titawapempha kuti ayerekeze ululu wawo pa muyeso woyambira pa 0 kufika pa 10, anatchula 9. Kufunsa bwinobwino kunaonetsa kuti ululuwo unali wa mitundu iwiri. Wina unali wa m'mafupa, wophwanya, umene unkakula akamatembenuka kapena akafuna kudzuka. Wina unali wowotcha ndi wobaya, wotsika kuchokera m'khwapa kufika ku zala za dzanja lamanzere, ndipo uwu ndi ululu wa mitsempha yopanikizidwa ndi chotupa, umene sumva msanga mankhwala wamba a ululu. Balalo linali lalikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, lotuluka mafinya ndiponso lotaya magazi akamamatula bandeji. Anali atatha masiku 6 osachita chimbudzi, usiku sankagona kupitirira maola awiri, ndipo mapiritsi awo ankamwa pokhapokha ululu ukafika posapiririka, poopa kuti akamamwa pafupipafupi adzaleka kugwira ntchito.

M'nyumbamo munalinso anthu atatu amene ndinawalemba m'kaundula wathu tsiku lomwelo monga ofunika chisamaliro: amuna awo a zaka 58, mwana wawo wamkazi wa zaka 27 amene anali atasiya ntchito kuti adwazike amayi ake, ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka 15 amene sanalowe m'chipindamo ngakhale kamodzi pamene tinali pomwepo.

Kuthana ndi ululu ndi bala

Tinatsatira ndondomeko imene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafalitsa mu 1986, imene imati mankhwala a ululu wa khansa azimwedwa pakamwa ngati n'kotheka, pa nthawi yoikika osadikira kuti ululu ubwerere, ndiponso azikwezedwa mphamvu molingana ndi kukula kwa ululuwo. Popeza codeine anali atalephera, dokotala anayambitsa mankhwala amphamvu a ululu otchedwa morphine, wamadzi, 5 mg maola anayi alionse, ndi mlingo wina wofanana nawo woti amwe ululu ukabuka pakati pa nthawi. Mwana wamkazi uja ankalemba m'kope nthawi iliyonse imene mlingo wapaderawo wamwedwa, ndipo kopelo ndi limene linkatiuza pokwezera. M'kati mwa sabata imodzi tinafika pa 10 mg maola anayi alionse, ululu n'kutsika kufika pa 3. Pa ululu wa m'mafupa tinaonjezerapo ibuprofen titatsimikiza kuti impso zikugwira bwino ntchito, ndipo pa ululu wa mitsempha tinapereka amitriptyline wochepa wa usiku. Mankhwala ofewetsa m'mimba anayamba tsiku limodzi ndi morphine, chifukwa tulo ndi nseru za masiku oyamba zimatha zokha, koma kudzimbidwa sikutha malinga ngati munthu akumwabe morphine.

Bambowa anakana poyamba. Anandiitanira panja n'kundifunsa kuti, "Anamwino, ndiye kuti mwabwera kudzawagoneka basi? Mankhwala amenewa si amene mumapereka munthu akatsala pang'ono kutisiya?" Mantha amenewa si achilendo ndipo sayenera kupeputsidwa, chifukwa anthu ambiri anaonapo wachibale wawo akulandira morphine koyamba pa tsiku lomwe anamwalira, n'kuganiza kuti ndi mankhwalawo amene anamutenga, chonsecho anangoperekedwa mochedwa. Ndinawafotokozera kuti morphine woyamba pang'ono n'kumakwezedwa molingana ndi ululu safupikitsa moyo, kuti wodwala amene akumwa chifukwa cha ululu wa khansa ndiponso akuyang'aniridwa sakhala pa chiopsezo chachikulu chosanduka kapolo wa mankhwalawo, komanso kuti palibe mlingo womaliza umene ukafikidwa ndiye kuti chithandizo chatha. Sanakhutire ndi mawu anga. Anakhutira patapita masiku atatu, ataona akazi awo agona usiku wonse n'kudzuka m'mawa ali ndi nzeru zawo zonse.

Fungo la bala lotere limachokera ku tizilombo timene timaswana m'minofu yakufa mmene simufika mpweya. Tinaphunzitsa mwana wamkaziyo kutsuka balalo mofatsa ndi madzi amchere oyera, kuperapera mapiritsi opha tizilombo a metronidazole n'kuwaza ufa wake pabalapo, ndi kunyowetsa kaye bandeji yakale asanaimatule kuti magazi asatuluke. Pasanathe sabata fungo linali litachepa kwambiri, nsalu ya pansi pa chitseko ija inachotsedwa, ndipo mayiwa anapempha kuti bedi lawo libwerere m'chipinda chawo ndi amuna awo. Pa zonse zimene tinachita m'miyezi inayi ija, ndikuona kuti mapiritsi operawa ndi amene anasintha kwambiri moyo wa m'nyumbamo, popeza chimene chinawapatula mayiwa kwa ana awo sichinali ululu ayi, koma manyazi.

Patatha mwezi umodzi ululu wa m'chiuno unakula pamalo amodzi. M'malo mongokweza morphine, tinakambirana ndi madokotala a khansa aja, ndipo mayiwa anakalandira radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza champhamvu, kamodzi kokha pafupa lodwalalo, imene inachepetsa ululuwo m'masabata otsatira. Ndikutchula zimenezi chifukwa ambiri amaganiza kuti wolowa mu hospice watsekeredwa chitseko cha chipatala. Chimene chimasintha ndi cholinga cha chithandizo, ndipo chithandizo chilichonse chothandiza kuti munthu apepukidwe chimakhalabe chake.

Chinsinsi chimene aliyense ankachidziwa

Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967 atagwirapo ntchito ya unamwino, ya ulangizi wa mabanja a odwala ndiponso ya udokotala, anaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akuyandikira imfa sukhala wa m'thupi mokha, koma umalukana ndi nkhawa za mumtima, za banja ndi za moyo wauzimu. Kwa mayiwa zimenezi zinaoneka thupi litangopepuka. Ululu unali pa 3, komabe masana ankangoti duu, ndipo usiku mwana wawo ankawamva akulira motsitsa.

Bambowa anali atatilamula kuti tisatchule za imfa. Ndinawauza kuti sitikakamiza wodwala kumva zimene sakufuna, komanso sitinama akatifunsa, ndipo ndinawapempha chilolezo choti ndingowafunsa akazi awo mmene iwo eni akuonera matendawa. Anavomera monyinyirika. Nditakhala pansi pafupi ndi bedi, ndinafunsa kuti, "Mayi, inuyo mukuona kuti matendawa akuyenda bwanji?" Anakhala chete kwa kanthawi, ndipo sindinawadule. Kenako anati, "Anamwino, thupili ndi langa. Ndinadziwa tsiku limene anandichotsa pa mankhwala aja kuti sindichira. Koma chonde musawauze bambo akunyumba, ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, sangapirire."

Choncho kwa miyezi isanu anthu awiri okondana anali akubisirana chinthu chimodzi chomwecho, aliyense pofuna kuteteza mnzake, ndipo aliyense ankasenza yekha katundu amene akanathandizana. Sindiimba mlandu bambowa. Anachita zimene chikondi chinawauza pa nthawi imene panalibe wowatsogolera. Koma mtengo wa chinsinsi chotere ndi waukulu, chifukwa munthu amene akuyenera kunamizira kuti achira sangatsanzike, sangakonze za ana ake, ndipo sanganene mmene akufunira kusamalidwa masiku omaliza.

Mayiwa atavomera, mlangizi wathu wa mabanja anakonza zoti tikumane nawo pamodzi ndi amuna awo. Ntchito yathu pa msonkhanowo inali yochepa: tinangonena kuti aliyense wa iwo wakhala akudera nkhawa mnzake, ndipo tinawasiyira mpata. Analira kwa nthawi yaitali. Misozi itaphwa, mayiwa ndi amene anatsogolera, ndipo zinaoneka kuti anali atazilingalira kale zonse. Anafuna kukhala kunyumba mpaka mapeto, osathamangitsidwanso kuchipatala usiku. Anafuna kulemba za katundu wawo mwalamulo kuti pasadzakhale mkangano. Anafuna kuti mng'ono wawo, amene anasemphana naye zaka zambiri m'mbuyomo, aitanidwe. Ndipo koposa zonse anafuna kulankhula ndi mwana wawo wamwamuna. Zofuna zimenezi tinazilemba, iwo n'kusainira, ndipo kope lake linakhala m'nyumbamo kuti aliyense wa gulu lathu wobwera usiku azidziwa chochita. Mtsogoleri wa zauzimu anawayendera atamupempha okha, ndipo nkhani imene anakambirana kwambiri inali ya kukhululukirana ndi mng'ono wawo uja, amene anabweradi n'kukhala nawo.

Ana awiri

Mnyamata wa zaka 15 uja anali atayamba kujomba kusukulu ndipo ankabwera kunyumba mochedwa. Mlangizi atacheza naye payekha, anapeza kuti palibe amene anamuuzapo dzina la matendawa. Ankaganiza kuti bala la amayi ake n'lopatsirana ndipo n'chifukwa chake chitseko chinkatsekedwa, komanso ankadziimba mlandu chifukwa amayi ake anayamba kudwala pa nthawi imene iye ankawavutitsa ndi khalidwe lake. Ana akabisiridwa amadzipangira okha mayankho, ndipo nthawi zambiri mayankho awo amakhala oopsa kuposa zoona. Anauzidwa momveka kuti matendawa ndi khansa, kuti sapatsirana, kuti palibe chimene iye anachita chimene chinawayambitsa, ndiponso kuti amayi ake sachira. Anamuuza ndi amayi ake eni, mlangizi ali pambali. Kenako tinamupatsa ntchito yake, yowapaka mafuta kumapazi madzulo ndi kuwawerengera, chifukwa wachinyamata amene sangathe kufotokoza za mumtima mwake amapeza njira yoyandikirira akapatsidwa chogwira ndi manja.

Mchemwali wake anali pa vuto lina. Ankadzuka usiku kupereka mankhwala, ankatsuka bala, kuchapa ndi kunyamula amayi ake, ndipo msana unali utayamba kumupweteka. Sankadandaula, koma anali atachepa thupi, ndipo tsiku lina anandiuza mwachinsinsi kuti nthawi zina amalakalaka zonse zitangotha, kenako n'kudzida yekha chifukwa cha maganizowo. Ndinamuuza kuti odwazika matenda ambiri amafika pamenepo, ndipo ndi chizindikiro cha kutopa, osati cha kuchepa kwa chikondi. Tinamuphunzitsa kutembenuza wodwala pogwiritsa ntchito nsalu yoyala pansi pake m'malo momunyamula, tinagawa ntchito za usiku pakati pa iye, bambo ake ndi mng'ono wa amayi ake, ndipo anthu athu ongodzipereka ankabwera masana kuti iye atuluke. M'mwezi wachitatu mayiwa anavomera kukagona m'wodi ya hospice kwa masiku asanu n'cholinga chimodzi chokha, choti mwana wawo apume. Wodwazika akagwa, chikhumbo cha wodwala chofera kunyumba chimagwera pomwepo, ndiye kusamalira wodwazika ndi gawo la chithandizo cha wodwalayo.

Masabata omaliza

Chiwindi chitayamba kulephera, maso anachita chikasu, mimba inatupa, ndipo chilakolako cha chakudya chinatha. Ibuprofen tinamuleka poopa kuwononga impso ndi m'mimba. Apa panabuka mkangano wina, chifukwa bambowa ankawakakamiza kudya ndipo anapempha kuti tiwaike dripi. Kwa iwo kuleka kudyetsa kunali ngati kutaya wodwala. Tinawafotokozera kuti khansa ikafika pamenepa imasintha mmene thupi limagwiritsira ntchito chakudya, kotero kuti munthu sakufooka chifukwa chakuti sakudya, koma sakudya chifukwa thupi lafika kumapeto, ndipo madzi ochuluka a m'dripi akhoza kuonjezera kutupa ndi makhololo a pachifuwa. Tinawaonetsa chimene angachite m'malo mwake: kupereka pang'ono chimene mayiwa apempha okha, kunyowetsa milomo ndi lilime ndi kansalu koyera, ndi kupaka mafuta pamilomo kuti isang'ambike. Bambowa anatenga ntchito imeneyi kukhala yawo ndipo sanaisiyire wina.

Tinawakonzekeretsa pasadakhale pa zimene adzaone: kugona nthawi yaitali, kuchepa kwa mkodzo, kuzizira kwa manja ndi mapazi, kupuma kodukizadukiza, ndi phokoso la pakhosi lobwera chifukwa cha malovu amene munthu sakuthanso kumeza, limene limasautsa omvera kuposa wodwalayo. Tinasiya m'nyumbamo mankhwala obaya oti namwino adzagwiritse ntchito pakafunika, ndi nambala ya foni yoyankhidwa usana ndi usiku. Banja lodziwa zimene zikubwera silichita phuma lothamangira kuchipatala pa ola lomaliza.

Mayiwa atalephera kumeza, morphine tinayamba kupereka kudzera pa kasingano koikidwa pansi pa khungu, pa theka la mlingo wa pakamwa, chifukwa wolowa mwa njira imeneyi amakhala ndi mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri. Usiku wina anayamba kuvutika ndi kuphiriphitha pabedi. Namwino amene anaitanidwa anayamba wafufuza chifukwa chake asanaganize za mankhwala ogonetsa, ndipo anapeza kuti chikhodzodzo chadzaza. Atawaika kachubu kotulutsira mkodzo, anakhazikika. Phokoso la pakhosi litayamba, tinawagoneka chammbali ndi kupereka hyoscine butylbromide, mankhwala ochepetsa malovu. Tinalimbikitsa a pabanjapo kupitiriza kuwalankhula ndi kuwagwira dzanja, popeza munthu akhoza kumamvabe ngakhale sakuyankha. Anamwalira m'bandakucha, m'chipinda chawo, amuna awo, ana awo awiri ndi mng'ono wawo ali pomwepo.

Za nthawi yotumiza wodwala

Miyezi isanu ya pakati pa kuleka kwa chemotherapy ndi kufika kwathu ndi imene imandiwawa m'nkhaniyi, chifukwa zonse zimene zinathetsa ululu ndi fungo zinalipo kuyambira tsiku loyamba. Kafukufuku amene Jennifer Temel ndi anzake anachita ku Massachusetts General Hospital ku Boston, wofalitsidwa mu 2010, anatsatira odwala 151 a khansa ya m'mapapo yofalikira. Amene anayamba kulandira chisamaliro chochepetsa mavuto a matenda atangopezeka ndi khansayo anali ndi moyo wabwinoko, ochepa mwa iwo anavutika maganizo, ndipo anakhala ndi moyo miyezi 11.6 poyerekeza ndi miyezi 8.9 ya anzawo amene analandira chithandizo cha khansa chokha. Mu 2014 msonkhano waukulu wa mayiko a m'bungwe la WHO unagwirizana kuti chisamaliro chimenechi chikhale gawo la ntchito zonse za umoyo, komabe bungweli likuti mwa anthu amene akuchifuna padziko lonse, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene amachilandira. Kwa anzanga a m'zipatala, pempho langa ndi lakuti wodwala azitumizidwa pamene zadziwika kuti matenda sachira, ngakhale chithandizo china chikupitirira, ndipo mawu akuti palibenso chochita asamatuluke pakamwa pathu, chifukwa banja limawatenga mmene alili n'kupita nawo kunyumba.

Chisamaliro cha ofedwa

Ntchito yathu pabanjali sinathere pa maliro. Titawayendera patapita masabata angapo, bambowa anali ndi funso limene linkawasowetsa tulo: akazi awo anamwalira pasanathe ola atalandira morphine, kodi si mlingo umenewo umene unawatenga? Tinatenga kope la mankhwala lija n'kuwaonetsa kuti mlingowo unali womwewo umene ankalandira masiku onse apitawo, ndiponso kuti munthu wolandira mankhwala maola anayi alionse sangamwalire patali ndi mlingo wina. Anafunika kumva zimenezi kangapo asanazilandire. Mwana wawo wamkazi anadwaladwala kwa kanthawi, monga zimachitikira odwazika ambiri ntchito ikatha, kenako anabwerera ku ntchito ndipo amabwera ku gulu lathu la ofedwa. Mnyamata uja anaoneka wolimba m'miyezi yoyamba, koma patatha theka la chaka aphunzitsi ake anadziwitsa bambo ake kuti wayambanso kudzipatula ndipo maphunziro ake atsika. Mlangizi wathu wayambiranso kukumana naye, ndipo mogwirizana ndi bambo ake tamutumizanso kwa katswiri wa maganizo a achinyamata. Fayilo ya banjali ikadali yotsegula chifukwa cha iyeyu, ndipo tidzaunikanso mmene alili chaka chikamakwana chimwalirireni amayi ake.